Thadzi langa ndi lole ya amalume Fakisoni

Ndikukumbukira m'mawa umene tinasamuka pakomboni ya mgodi ku Bindura, ine ndili kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi. Bambo anali atachotsedwa ntchito patatha zaka zoposa makumi awiri akukumba pansi, ndipo kalata inati dzuwa likafika paliwombo alonda a kampani, amene tinkawatcha mahobho, adzabwera kudzakhoma loko pachitseko. Kusamukira ku Chiwaridzo, lokeshoni ya m'tauni momwemo, bambo sankakuopa. Chimene sankafuna n'kuima pamaso pa anthu, n'kumaonerera nyumba yawo ikutsekedwa ngati ya wakuba. Anavala jekete ya kutchalitchi ndi nsapato zopolisha, nati tichoke tokha kusanatenthe.

Wotinyamula anali amalume Fakisoni, mlongo wawo wa amayi. Lole yawo anaigula kufamu ina ku Mazowe, ndipo inkanunkhabe malalanje owola osakanikirana ndi dizilo. Anali ataiyendetsa miyezi itatu yokha, koma kalankhulidwe kawo mukanayesa anabadwira mu injini.

Lole zakale zija sizinkazima ndi kiyi. Kutsogolo kunali kachitsulo kamutu wakuda: ukakakoka dizilo amatsekeka, injini n'kuzima, ndipo kuti ilirenso kayenera kubwerera mkati. Ine zimenezo ndikanazidziwa bwanji? Anandikweza kutsogolo ndi thadzi langa lofiira, ndipo nditasowa pomangirira chingwe chake, ndinaona kachitsuloko pafupi ndi mawondo anga. Ndinamanga, n'kukoka kuti mfundo ilimbe. Amayi anabwera n'kundiunjikira mtolo wa mabulangete pamiyendo, zonse n'kubisika.

Amalume anakwera, nalavulira m'manja, napotokola kiyi. Injini inazungulira, ngrrr ngrrr ngrrr, koma osagwira. Anayesanso kachiwiri, kachitatu, lole n'kumangonjenjemera ngati munthu wa malungo. Anatsika akuseka kuti ndi kachinthu kakang'ono.

Abale inu, pakomboni palibe mwamuna amene amavomera kuti sadziwa galimoto. Mphindi zochepa chabe anali atadzaza mitu mu injini, ambiri a iwo anthu oti ngakhale njinga sanakhalepo nayo. Wina anati ndi batire, ngakhale aliyense ankamva injini ikuzungulira mwamphamvu. Anakapalabe mitu ya batire ndi mpeni wa amayi wosendera mbatata, mpeniwo n'kuthyoka. Wina anakwera pamwamba, naviika ndodo m'thanki, nalengeza kuti dizilo alimo, ngati wapeza golide. Gogo Bauleni, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kukalambira m'mgodi, anati makina a azungu samva Chichewa kapena Chishona, ndiye anaikalipira lole m'Chilapalapa, chilankhulo chimene mabwana ankawakalipira nacho iwo. Loleyo sinawamve, monga mmene iwonso sankawamvera mabwana aja.

Pa nzeru zonsezo imodzi yokha inali yoona. Amalume anamasula kapaipi kolowa mu injini, wina n'kupotokola kiyi, osatuluka ngakhale dontho. Dizilo sakufika, anatero. Koma m'malo mofunsa chimene chamutseka, anayamba kuphwasula. Anachotsa sefa ya dizilo, naitsuka m'beseni la amayi. Anayamwa paipi ndi pakamwa mpaka anameza dizilo, n'kukasanza kuseri kwa chimbudzi. Kenaka anaitana komboni yonse kuti ikankhe. Anatikankha mpaka pampopi, natibweza chammbuyo mpaka pakhomo pomwe paja, azimayi akutukwana m'zilankhulo zitatu. Apo n'kuti mphekesera ya ufiti itayamba kale, ndipo maso onse anali pa mayi wina wosauka amene kulakwa kwake kunali kusapereka moni.

Nthawi yonseyi ine ndinali mkatimo, thukuta kamukamu, ndikusisita thadzi langa. Bambo sanakhudze sipanala. Anaima pamthunzi wa khonde, manja kumbuyo, akuyang'ana msewu wochokera kuofesi.

Mahobho anabwera awiri, pa nthawi yake. Mmodzi anali mwana wa mnzawo wa bambo, munthu woti anakulira pakhomo pathu. Sanawayang'ane kumaso. Anapempha makiyi chapansipansi, bambo anapereka, ndipo loko anatsekeka khamu lonse likuonerera. Kaphokoso kakeko ndimakamvabe.

Atangochoka, amayi anati nkhuku ifa ndi kutentha. Anachotsa mabulangete, amalume ali pambali akupukuta pakamwa. Ndinaona maso a amalume akutsata chingwe kuchokera pamwendo wa thadzi mpaka pakachitsulo, kali panja utali wa chala. Anandiyang'ana, nanenso ndinawayang'ana. Akanandiulula, akanaululanso kuti katswiri wamkulu wa Bindura wataya m'mawa wonse osayang'ana pansi pa mphuno yake. Anakwera, namasula chingwe mwakachetechete, nakankha kachitsuloko ndi bondo, natsika. Anamanga zonse zimene anaphwasula, napopa kapampu kam'mbali kuti mpweya utuluke, kenaka anagogoda injini katatu ndi sipanala kuti anthu aone.

"Inali pampu," anatero. "Zimenezi si za ana."

Lole inalira, utsi wakuda tolo, anthu n'kuwaombera m'manja. Gogo Bauleni anati ndi Chilapalapa chawo chachedwa kugwira ntchito.

Masiku ano malole ali ndi makompyuta. Mwana wanga ndi makaniko m'tauni, amangolumikiza kachipangizo, galimoto n'kudzinenera yokha pamene pakupweteka. Lole ya amalume ikanakhala yotero, ndikanakwapulidwa tsiku lomwelo n'kuiwala. Koma amalume anakalamba akusimba za pampu ija pamaliro ndi paukwati paliponse, chaka chilichonse ikukulirakulira kuvuta, ine n'kumaseka nawo.

Bambo okha sankaseka. Atadwala chifuwa chawo chomaliza ku Chiwaridzo, tsiku lina ndikuwamwetsa phala anati, "Esinati, pansi paja sindinabepo ngakhale msomali. Nanga Mulungu anandiimitsiranji pakhomo paja kuti ndione loko?"

Ndinali mayi wa ana awiri, yankho lili pakamwa. Ndinauzira phala, n'kuwapatsa supuni ina.