Ndinazula Tenti Chifukwa cha Dzanja la Ademar

Anzanga, Zenaide ndinamuona koyamba pa chikondwerero m'tauni ya Trindade, ndikugulitsa kavalo wokalamba. Anamuyang'ana m'kamwa kavaloyo n'kuseka mpaka dzino lake lagolide kuwala.

"Ameneyu anabadwa chaka chimodzi ndi agogo anu," anatero.

Chaka chisanathe makolo anagwirizana, tinakhoma tenti yathuyathu. Kenako kunabadwa Iraci, mwana wathu wa chifuwa chosatha.

Ife a mtundu wa Acalon timayendayenda, sitikhazikika. Amuna kugulitsa akavalo, akazi kulosera anthu powerenga zikhatho pamsika. Amayi anga anagwira manja a amuna osawerengeka, bambo osadandaula. Koma ine mtima unakana...

M'tauni ina m'chigawo cha Goiás ndinaona kuti Lachiwiri lililonse Zenaide akukhala pabenchi ndi gajon mmodzi yemweyo, munthu wosakhala wa mtundu wathu. Dzina lake Ademar, wa malaya ositasita. Ena mphindi zisanu, iyeyu theka la ola, akunong'onezana. Tsiku lina anamupatsa kapepala, mkazi wanga n'kukabisa m'bulauzi.

Nditamufunsa anati ndi ntchito basi.

"Dzanja lakelo lili ndi mizere ingati, yosatha mwezi wathunthu?"

"Bambo a Iraci, pirirani mpaka mawa madzulo."

Sindinapirire. M'mamawa ndinazula tenti, mapoto ndi zofunda pa lole ya achimwene, kulowera kumene kunali abale a Zenaide. Anayesa kulankhula, ndinamuletsa. Pamsewu anayesanso, ndinakweza wailesi. Analira njira yonse, ine ndikuti akulirira chibwenzi.

Titafika anandiponyera kapepala kaja. Ine kuwerenga kumandivuta, anawerenga ndi mlamu wanga. Ademar ndi kalaliki wa pachipatala. Kuti mwana aonane ndi dokotala wa chifuwa pamafunika adiresi, ife tilibe. Munthuyo analemba Iraci pa nyumba yake. Tsiku loonana ndi dokotala linali lomwelo, teni koloko m'mawa. Mpata wina ndi pakatha miyezi isanu.

"Bwanji sunandiuze kale?"

"Si inu munalumbira kuti mwana wanu sadzalembedwa pakhomo pa gajon?"

Ndinalumbiradi, pamaso pa anthu.

Pano Zenaide ali ku tenti ya bambo ake, pamodzi ndi mwana. Apongozi akuti ndisayandikire. Matenti athu ayang'anizana pabwalo lomweli, ndiye Iraci akatsokomola ndimamva, ndimawerenga ndi zala.

Anzanga, mkazi wanu akati pirirani mpaka mawa, pirirani. Lero lokha Iraci watsokomola kakhumi ndi kanayi, ndipo dzuwa silinafike pamutu.