Dzina la a Laimoni pa nsalu yoyera

Ndikamva fungo la palafini ndi mtedza wopserera, maganizo anga amathamangira ku Kafue, ku komboni ya anthu a njanji, pakhonde la a Laimoni Mbewe. Nyumba yawo ndi yathu zinali za khoma limodzi, ndipo madzulo alionse utsi wa pulaimasi yawo unkadutsa pamwamba pa khomalo n'kudzatipeza tikudya. Ankakazinga mtedza, koma nthawi zambiri unkapserera chifukwa mwini wake amakhala ali kalikiliki kulankhula yekha. Ankayamba ndi mawu a nkhalamba yaukali, n'kudziyankha ndi mawu a mtsikana wamanyazi, kenaka n'kukhosomola, n'kubwereza zomwezo mosintha pang'ono. Sitima ikalira ku mlatho ankaidikira kuti idutse, n'kupitiriza pomwe analekezera. Amayi ankangopukusa mutu n'kumati umbeta ukakhalitsa umatero.

A Laimoni anali a ku Nyasalande, a ku Ntcheu ngati bambo anga, n'chifukwa chake ine ndinkawatchula kuti agogo ngakhale panalibe chibale. Mkazi analibe, mwana analibe, ndipo sindinaonepo mlendo atakhala pakhonde pawo. Masana ankasoka matumba a chimanga ku shedi ya pasiteshoni, akupapasa ndi zala, poti maso anali atachita ng'ala. Koma ankati kale, maso akadali bwino, anagwirapo ntchito kwa azungu ojambula kanema, kuwanyamulira katundu ndi kuwatanthauzira. Tsiku lina pa nthawi yopuma anawasimbira nkhani ya mnyamata amene anabwereka njinga kuti akaonekere kwa apongozi, chonsecho sadziwa kupalasa. Mzungu wamkulu anaseka mpaka tiyi kumutsamwa, ndipo anawauza kuti ailembe yonse, chochitika ndi chochitika, kuti ijambulidwe. Anawalonjezanso kuti dzina lawo lidzakhala pa filimuyo. Ntchito inatha filimu isanatuluke, ndipo iwo anali asanaionepo.

M'komboni munalibe wokhulupirira zimenezi. Munthu wosoka matumba alembe kanema? Ana ankawatsatira akufuula kuti ba Baisikopo, ndiye kuti a Kanema, ndipo amene ankakoleza chipongwechi kwambiri anali bana Mutinta, mayi wogulitsa nsomba zouma, wa pakamwa posatopa. Akawaona akudutsa ankawafunsa kuti lero alemba chiyani, ndipo amayi onse a pampopi ankangofa ndi kuseka. Agogo ankavula chipewa, n'kuwapatsa moni, n'kumapita.

Ndiye kunabwera mesenjala wa kuboma kudzalengeza kuti galimoto ya kanema ifika Loweruka pabwalo la mpira, ndipo mwa zoonetsa zake muli ya mnyamata wa njinga. Abale inu, sindinaonepo nkhalamba itasintha choncho. Anachapa jekete, anabwereka simbi ya amayi, anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti asadzachedwe, chifukwa mayina amakhala koyambirira. Kenaka anabwera kwa bambo kudzapempha kuti andibwereke. Iwo malembo a patali sankawaonanso, ndipo ambiri m'komboni sankatha kuwerenga. Ankafuna munthu woti adzawerenge dzinalo mokweza, aliyense amve. Ine ndinali mu Sitandade 2, ndipo ndinali ndi mawu oti ndikamawerenga ku sukulu ya mishoni a kalasi ina ankadandaula.

Sabata imeneyo ndinaiona. Ndikangoweruka ankandikhazika pansi, n'kulemba dzina lawo pa dothi ndi kamtengo, n'kulifufuta msangamsanga ndi phazi kuti ndizolowere. Ankati malembowo ndi oyera pa mdima ndipo sachedwa kuchoka.

"Usadzaphethire, Esinati. Kuphethira udzaphethira mawa."

Malipiro anga anali mtedza wopserera uja, ndipo ndinkadya, nanga n'kutani.

Loweruka dzuwa likulowa, bwalo linali litadzaza kale. Anabwera a m'komboni, asodzi a kumtsinje, ena mpaka ochokera ku Shimabala pa ngolo. Nsalu yoyera anaimangirira pa mitengo ya golo, injini ya magetsi ikugunda kuseri kwa galimoto, udzudzu wa ku Kafue nawo uli pa ntchito yake. Agogo anakhala kutsogolo pa kampando kawo, ine nditaima pambali, dzanja lawo lili paphewa langa. Anayamba kutionetsa za kusambitsa ng'ombe m'dibi. Inatsatira filimu ya bwanamkubwa akutsika ndeke, ndipo anyamata akumbuyo anaiimbira mluzu, poti masiku amenewo a Chitaganya mitima inali itatentha. Kenaka woyendetsa makina anasintha filimu, ndipo womasulira analengeza pa chimkuzamawu kuti tsopano tigwire nthiti.

Ndinatong'ola maso mpaka kuwawa. Nsalu inachita mizeremizere, inathwanima, ndipo mwadzidzidzi panaoneka mnyamata ali kale pa njinga, akutsetsereka kulunjika khola la mbuzi. Bwalo lonse linaphulika. Zala za agogo zinandifinya phewa.

"Werengatu, mwana."

"Palibe malembo, agogo. Yayamba kale."

Anandiuza kuti ndiyang'anitsitse, mwina ali m'munsi. Ndinayang'ana m'munsi, m'mwamba, m'mbali monse. Kenaka anati mwina anawaika kumapeto, ndiye tidikire. Filimu yonseyo ine sindinaseke ngakhale kamodzi, ndinkangosaka malembo, pamene anthu ankagubuduzika pa udzu. Bana Mutinta anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Pomaliza mnyamata uja anathawa atasenza njinga pamutu, apongozi ali pambuyo, nsalu n'kuyera mbee. Panalibe dzina la munthu aliyense.

Anthu akubalalika, agogo anandiuza kuti ndiwatsogolere ku galimoto. Woyendetsa makina anali mnyamata waulemu ndithu, ndipo anasiya kukulunga waya kuti awamvetsere. Anafotokoza kuti koyambirira kwa filimu ndi kumene kumavutika, chifukwa ndiko amakoloweka m'mano a makina tsiku ndi tsiku. Kukang'ambika amadulako ndi lezala kachidutswa, n'kuyambira pabwino. Mawa kukang'ambikanso, amadulanso. Filimu imeneyi inali itazungulira ku Migodi, ku Bulozi, ku Fort Jameson, ndipo poti anthu ankaikonda, inkaonetsedwa kuposa zina zonse. Mayina anatha kalekale, ndipo ngakhale chigawo chobwereka njinga chija chinapita nawo. Agogo anafunsa ngati iyeyo anawaonapo mayinawo asanadulidwe. Mnyamatayo anati ayi, anailandira ili choncho. Anafunsanso kuti zidutswazo amaziika kuti. Anati amangotaya, ana amatola n'kumaonera dzuwa.

"Osadandaula, mudala," anatero. "Bantu safuna mazina, bafuna chabe kuseka."

Sanalankhule mwachipongwe ayi, ndipo mwina n'chimene chinandiwawa kwambiri. Tikutembenuka tinakumana ndi bana Mutinta ndi gulu lawo.

"Manje zina yanu ili kuti, ba Baisikopo?"

Ine ndinayamba kukalipa, kufotokoza za lezala ndi mano a makina, koma ndani akanamvera kamwana? Wina anati bodza likakula limafuna wolithandiza. Anaseka ndi kuseka komwe kuja anasekera njinga, ndipo agogo anangondikoka dzanja.

Tinayenda mpaka tinawoloka njanji. Kumeneko anandifunsa kuti anthu anaseka kwambiri pati, poti iwo ankangomva phokoso osaona chochitika. Ndinawauza kuti ndi pamene apongozi anagwada kupereka madzi, mnyamata n'kulephera kuima, n'kuwazungulira katatu akupereka moni. Agogo anaima chilili pakati pa njira.

"Pamenepo mzungu ankafuna kuchotsapo. Ndinakana ine."

Anaseka pang'ono, kamodzi kokha, n'kupukuta m'maso ndi chipewa. Atafika pakhomo anandithokoza ngati munthu wamkulu, nati ndagwira ntchito yanga bwino. Mawa lake anabweza simbi ya amayi.

Za kanema sanazitchulenso kwa munthu. Maso atatheratu, ntchito ya matumba inatha, ndipo a mpingo anasonkherana kuwakweza sitima yobwerera kwawo. Bambo ndi ine ndife tinawaperekeza pasiteshoni, tokhatokha. Sitinamvenso za iwo, kaya anafika, kaya anapeza ndani ku Ntcheu.

Ine ndimakhulupirira kuti dzinalo linalipo. Koma ndikati ndilumbire, ndilumbira chiyani? Anandisankha kuti ndikhale mboni yawo, ndipo palibe chimene ndinaona. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero, ndili ndi imvi zanga.

Masiku ano adzukulu anga amaonera masewero oseketsa pa wailesi ya kanema, ndipo ndimaseka nawo, sindine wouma mtima. Sewero likangotha onse amadzuka, wina kukhitchini, wina pa foni. Amadziwa kuti limoti sagwira mpaka malembo atatha, ndipo a kanemawo akadula mayina kuti aike malonda a sopo, ndimatukwana moti mpongozi wanga amatseka mawindo. Akawasiya, ndimasendeza mpando pafupi, poti nanenso maso ayamba kuchita chifunga. Ndimatsala ndekha pabalaza, ndikuwerenga mokweza mayina a anthu amene sindikuwadziwa, mpaka lomaliza.