Dzanja la Anamakiyi pa Mpanda

Mumsewu mwathu aliyense ankawatcha Anamakiyi. Anali telala wa pakhonde, ndipo kuseri kwa chitseko chawo kunali misomali yopachikapo makiyi apadera a nyumba zonse za mumsewumo, kiyi aliyense ndi kansanza kake. Athu anali a kansanza kofiira. Amayi anga atadwala, makiyi amenewo ndi amene ankatsegula kwathu m'mawa uliwonse. Anamakiyi ankawasambitsa ndi kuwatembenuza, ine ndili kutali, ntchito yanga kuimba foni basi.

Amayi atamwalira, ine ndi mlongo wanga tinagwirizana zogulitsa nyumbayo. Ejenti wogulitsa nyumba anabwera ndi nsapato zosongoka, atadziwaza perefyumu ngati wagweramo. Anawerenga zipinda zitatu, anayamikira matailosi, kenako anaima pageti.

"Ya pakona ija inapita pa mamiliyoni makumi asanu ndi anayi," anatero. "Yanuyi singafikepo, chifukwa cha izo."

Analoza ndi mlomo kwa Anamakiyi: malata adzimbiri, nkhuku, zigamba pachingwe, ndi iwo eni ali pamakina, akupatsa moni aliyense wodutsa.

"Munthu akamagula nyumba amagula ndi aneba omwe. Loweruka kukubwera ogula, zimenezo zisaoneke."

Ndikanamuthamangitsa pomwepo. Koma dyera lilibe manyazi, ndinapitadi kwa Anamakiyi. Ndinazungulirazungulira, za mvula, za mawondo awo, mpaka ndinalavula.

"Loweruka lokha?" anafunsa, osasiya kusoka. "Palibe vuto, mwanangu."

Loweruka m'mawa khonde lawo linali mbee. Chingwe atamasula, nkhuku atatsekera, makina olemera aja atawakokera m'nyumba okha.

Ogula anali bambo ndi mkazi wake. Zonse zinkayenda bwino mpaka mayiyo atafuna kuona chipinda cha malemu amayi. Chinali chokiya, ndipo kiyi wake anapita ndi mlongo wanga pambuyo pa maliro. Ndinapapasa m'matumba ngati chitsiru, ndinatuluka panja, ndikutukwana mlongo wanga mokweza.

Ndinamva kutsokomola pampanda. Pamene panathyoka thabwa panatulukira dzanja, litagwira makiyi a kansanza kofiira. Dzanja lokha. Mpanda wathu ndi waufupi, ndiye kuti mutu usaoneke, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, wodwala mawondo, anachita kukwawa kuchokera pakhomo pake.

Ndinalandira makiyiwo, koma mayi wogula uja anali atanditsatira. "Ndani ameneyo?"

"Ndi a nyumba inayo," ndinayankha. "Sindiwadziwa kwenikweni."

Dzanja lija linabwerera pang'onopang'ono. Mpanda wa matabwa sutchinga mawu, ndipo ndinkadziwa zimenezo ndisanatsegule pakamwa.

Nyumba inagulidwa pamtengo woposa ya pakona ija. Ejenti anandigwira chanza kawiri.

Madzulo ake ndinapita kwa Anamakiyi, nditakonza mawu opepesa njira yonse. Ndinawapeza atakhala pansi, akupaka mafuta m'mawondo osupuka. Kuseri kwa chitseko msomali wathu unali wopanda kanthu. Ndinkafuna andikalipire, anditchule galu, chilichonse. Anangondiyang'ana ndi nkhope yodandaula.

"Ukhululuke, mwanangu, ndinamva ukuvutika ndiye ndinalephera kupirira," anatero. "Sanandione, eti? Sindinakugwetsere mtengo?"