Mpando Wogwedera wa Ababa

Ndinali ndi zaka khumi pamene ababa anagona ndi chifuwa chachikulu. Tinkakhala kumalayini a esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndipo iwo ankasonkha moto kufakitale. Koma mtima wawo unali kushedi ya kalabu ya akalipentala, kumene abambo angapo ankakumana Loweruka akaweruka. Panalibe wowalipira. Sukulu zikatsala pang'ono kutsegulira ankakonza madesiki, mvula ikayandikira ankakhoma zitseko za nkhalamba, ndipo pa Khirisimasi ana tinkalandira timagalimoto ta matabwa a bulugama. Wina akamwalira kumalayini, bokosi linkachokeranso kwa iwo omwewo.

N'chifukwa chake tepi yawo yoyezera tinkaiopa. Anthu ankati ikakhudza munthu wamoyo ndiye kuti yamuitanira manda, ndipo akalabuwo ankasunga mwambowo. Sankayeza munthu amene akupuma.

Atatuluka m'chipatala, ababa ankamwa mankhwala, koma mtima anali atataya. Ankangogona choyang'ana kukhoma, phala n'kulawa pang'ono. Adokotala anati aziwothera dzuwa, iwo n'kumati, "Ndisiyeni, zanga zatha ine." Amayi ankalirira kukhitchini, n'kumanamizira utsi.

Loweruka lina, chiperoni chikuwaza pamasamba a tiyi, ndinaona a Muhiwa, tcheyamani wa kalabu, akubwera kwathu. Ndinakumbukira za tepi ija. Ndinaima pakhomo n'kutambasula manja.

"Simulowa ndi tepi yanu muno!"

Iwo anasolola matumba onse a buluku. "Ona wekha, Esnati mwana wanga. Mulibe kanthu, ngakhale ndalama ya fodya yomwe."

Atalowa anadandaula kuti msana ukuwapweteka, napempha ababa kuti adzuke awatsamire. Anakhala pabedi motsamirana misana, a Muhiwa akulongolola za mpira. Potuluka anandinong'oneza kuti ayeza kale. Mapewa a ababa ankalekezera m'munsi pang'ono mwa awo, ndipo zimenezo zinali zokwanira kupangira mpando wotsamira.

Anandiitana kushedi kuti ndikasalaze moika manja ndi sandipepala. Fungo la utuchi linali la malaya a ababa lenileni, moti ndinapala misozi ili mbwembwembwe. Titauimika pansi mpandowo, ndinaona kuti ukugwedera.

"A Muhiwa, mwendo uwu ndi waufupi."

"Iwe pala basi. Ndipo kunyumba usakanene."

Ndinakwiya kwambiri. Ababa amene anakonza zitseko za mudzi wonse, anzawo awapatse mpando wopunduka? Ndinawayesa anthu osayamika, komabe ndinawatsatira atanyamula mpandowo kupita nawo kunyumba.

Anawanyamula ababa n'kuwakhazika pampandowo pakhonde. Atangotsamira, mpando uja gwede. Atasuntha, gwede. Nkhope yawo, imene inali itazima kwa nthawi yaitali, inayamba kuchita makwinya.

"Wadula mwendo umenewu ndani?"

"Ndi mmene tathera, alamu," anatero a Muhiwa akuyang'ana kumwamba. "Wamaso m'kalabu mwathu akuti zake zatha."

"Manyazi mulibe, akuluakulu onsewa? Anthu akaona azinena kuti wapanga ndine. Esnati, kanditengere sowo ndi puleni pansi pa bedi."

Tsiku limenelo sowo inawakanika. Anaiika pamiyendo, akupuma movutika, kenaka anaitana. "Amake Esnati, phala lija lilipo?"

Ntchito imene kale akanaimaliza asanamwe tiyi wam'mawa inawatengera masabata. M'mawa uliwonse ankatuluka, ine n'kugwira mpando, iwo n'kudula pang'ono miyendo itatu inayo, kwinaku akunyoza anzawo. Pomwe mpando unkakhazikika, masaya awo anali atayamba kubwerera. Mvula ya chaka chimenecho isanagwe, anali kushedi, akukalipira anthu pa zitseko za nkhalamba.

Ababa anakhala zaka zambiri pambuyo pake, mpaka ananyamula ana anga. Amene anatsogola anali a Muhiwa. Ndinapita kumaliro ndili mayi kale, ndipo kushedi ndinapeza mnyamata wina watenga tepi kuti akayeze thupi. Ababa anamugwira mkono.

"Siya, mwana iwe. Msana wa a Muhiwa ndikuudziwa. Unanditsamira."

Anadula matabwa popanda tepi, ndipo bokosi linakwana bwinobwino.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti kuthandiza munthu ndi kumuchitira zonse, iye n'kungolandira. Tsopano ndikudziwa kuti ababa akanapatsidwa mpando wosalala, wopanda cholakwika, akanauthokoza n'kubwerera kukagona. Anzawo anawadziwa bwino, ndipo anawasiyira mwendo umodzi kuti aone kuti akufunikabe. Mpandowo uli pakhonde panga lero, wafupikirapo kusiyana ndi mipando ina, ndipo ana akandifunsa chifukwa chake ndimawauza kuti agogo awo anaudula pofuna kukhala ndi moyo.