Maliro Amene Anandibisira

Kuzizira kukayamba ku Indianapolis, tsiku loyamba kuyatsa hita m'nyumba mumamveka fungo la fumbi lopserera. Fumbi lonse limene linagona m'mapaipi miyezi yotentha limapsa nthawi imodzi, n'kumakanda pakhosi. Ndikalimva fungo limenelo ndimapezeka ndabwerera m'fulati yathu ya m'mwamba, pafupi ndi Lafayette Road, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, nditagunditsa mphuno pawindo lozizira, ndikuyang'ana galimoto ya bambo.

Bambo ananyamuka kumayambiriro kwa Seputembala kupita ku Ntcheu kukaona bambo awo amene ankadwala. Anati akatha masabata atatu okha. Galimoto yawo yotuwa anaisiya pansi pa mtengo, moyang'anizana ndi windo lathu, chifukwa amayi anali asanaphunzire kuyendetsa. Iwo ankakwera basi popita ku Speedway, kumene ankasamalira okalamba.

Loweruka lina m'mawa foni inalira ine ndikudya buledi patsogolo pa TV. Amayi anamvetsera, kenako analowa kubafa n'kutsegula mpopi mpaka pamapeto. Pansi pa phokoso la madziwo ndinamva mawu ena, otsika, ngati a munthu amene akukankha chinthu cholemera chosasunthika. Pofika masana kunabwera Anti Esinala, mnzawo wa amayi wa kutchalitchi amene ankakhala ku South Bend. Maso awo anali ofiira, koma pakamwa ankamwetulira.

"Tadala, longedza tizovala. Ukacheze kwathu, ndidzakudropa sabata yamawa," anatero.

Tinayenda maola atatu pakati pa minda ya chimanga chouma, makina akuluakulu akukolola popanda munthu wooneka. Anti anandigulira aisikirimu ndisanapemphe. Foni yawo anaiika chafufumimba pampando, ndipo inkangonjenjemera njira yonse. Sabata imeneyo ndinadya zonse zimene ndinkafuna. Koma chipinda chilichonse chimene ndinkalowa, akuluakulu ankadula nkhani pakati n'kuyamba kundifunsa za sukulu.

Nditabwerera kunyumba ndinapeza sofa atamukankhira kukhoma. Pakapeti panali timaenje tambirimbiri tosiyidwa ndi miyendo ya mipando, ndipo m'khitchini munali mapoto aakulu amene sanali athu. Nyumba inkanunkha thukuta la anthu ambiri amene anali atapita. Amayi anali atamanga duku wakuda. Atawerama kuti andivule nsapato, dukuyo anasuntha, ndipo ndinaona kuti tsitsi lawo lonse linali litametedwa.

"Adadi achedwako pang'ono," anatero, maso ali pa zingwe za nsapato. "Netiweki kumudzi ikuvuta."

Lolemba lake kusukulu anandiitana m'kalasi n'kundipititsa kwa mlangizi wa ana, mayi wa tsitsi loyera ngati thonje. Chipinda chake chinali ndi mipando yofewa, bokosi la tishu ndi makrayoni osongoledwa bwino. Amayi anali atauza akusukulu chifukwa chenicheni chimene ndinajombera, ndipo sanaganize kuti munthu wamkulu angakambe nkhani yotere ndi mwana. Mlangiziyo anagwada kuti maso ake alingane ndi anga. Anandiuza m'Chingerezi, modekha, kuti wamva chisoni kwambiri kuti bambo anga anamwalira. Sanazungulire. Ananena liwu lenilenilo.

Ndimakumbukira wotchi ya pakhoma ndi kulira kwa mpira umene ana ankamenya panja. Ndinayankha kuti ndikudziwa. Linali bodza, komanso silinali bodza. Anandipatsa pepala kuti ndijambule mmene ndikumvera, ndipo ndinajambula ndege yokhala ndi mawindo ambiri, ndikupaka lililonse mosamala mpaka belu linalira.

Tsiku limenelo ndinafika kunyumba ndili munthu wa ntchito ziwiri. Kusukulu ndinali mwana wamasiye. Lachinayi lililonse ndinkakhala pampando wofewa uja, n'kumapemphedwa kutchula dzina la chimene chinali mumtima mwanga. Kunyumba ndinali mwana amene bambo ake achedwa pa ulendo. Ndinaona kuti ndikasiya kufunsa, amayi azindikira. Ndiye madzulo alionse tikamadya ndinkafunsa kuti, "Adadi abwera liti?" Iwo ankayankha kuti, "Posachedwapa," n'kudzuka kukatenga mchere umene unali kale patebulo.

Mwezi wa Okutobala anansi athu anayamba kukongoletsa makomo awo pokonzekera chikondwerero chawo cha chaka ndi chaka chosewera za mizukwa. Anapachika mafupa a anthu a pulasitiki m'mitengo, anadzala ziliza zabodza pakapinga, anaboola maungu kuti aoneke ngati zigaza zoseka. Ana ang'onoang'ono kuposa ine ankathamanga atadzifunda nsalu zoyera, akusewera mizukwa, makolo awo akuwajambula. Amayi ankandikoka dzanja tikamadutsa pamenepo popita kokwerera basi. Ine ndinkawerenga mayina oseketsa olembedwa pazilizazo, n'kumadzifunsa ngati cha bambo chinalembedwa kale, ndi amene analemba.

Ndiye zinayamba zija zimene sindinauzepo munthu. Cha m'ma faifi koloko, nthawi imene bambo ankaweruka, ndinkamva mapazi pamasitepe. Ankakwera pang'onopang'ono, kupuma pakati monga mmene iwo ankachitira, n'kuima pakhomo pathu. Ndinkadikira kulira kwa makiyi, mpweya nditaugwira. Sikunkamveka kanthu. Jekete lawo linali likadali kuseri kwa chitseko, mapewa ake atakhala ngati muli munthu. Masamba anagwera pagalimoto ija, ofiira, kenako abulauni, mpaka anamatirira pagalasi lakutsogolo. Masiku ena, dzuwa likapendeka, ndinkaona ngati pampando wa dalaivala pakhala wina, akudikira kuti nditsike. Sindinkachita mantha kwenikweni. Ndinkaganiza kuti munthu amene kwawo sanamutchule kuti wafa sangadziwe kolowera, ndipo kuti ineyo ndi funso langa la madzulo ndi amene ndinkamusunga pamasitepe.

Sinowo woyamba, chipale chofewa choyera ngati ufa, anagwa kumapeto kwa Novembala. Loweruka m'mawa amayi anandiuza kuti bambo ena a kutchalitchi abwera kudzatenga galimoto, akaisunge kwawo kuti isawonongeke mpaka adadi adzabwere. Ndinatenga makiyi pambale, n'kutsika ndekha. Chitseko chinali chitauma ndi chisanu, ndinachikoka ndi manja awiri. M'kati munkanunkhabe mafuta amene bambo anga ankadzola kumutu. Ndinatola magalasi awo owerengera, buku la nyimbo ndi chipewa cha ubweya. Potembenuka ndinapeza amayi ataima kumbuyo kwanga, atavala masilipasi m'sinowo.

"Ukutani ndi zimenezo? Adadi akabwera adzazifuna momwemo."

Masiku amenewo ndinkawayankha m'Chingerezi nthawi zonse. Koma mawu amenewa anatuluka m'Chichewa, olemera ngati a munthu wina. "Amayi, ndikudziwa."

"Wakuuza ndani?"

"Kusukulu. Tsiku lija ndinabwerera."

Ndinawaona akuwerenga masabata m'mutu. Anakhala pansi pomwepo, m'mphepete mwa msewu, chitenje chikunyowa. "Nanga unkandifunsiranji tsiku ndi tsiku, mwanawe?"

"Kuti musalire," ndinatero.

Analira tsono, kulira kwenikweni kwa kwathu kotchula dzina, pakati pa magalimoto a anthu osatidziwa. Ine ndinaima nditakumbatira zinthu zija mpaka anandikokera pamiyendo pawo. Masana ake anandiuza zonse: minibasi imene inagubuduzika bambo akupita ku Lilongwe kukakwera ndege, mapepala a amayiwo okhalira m'dziko muno amene sakanawalola kubwerera kuno akanapita kukaika maliro, ndi mmene anaonerera bokosi likutsika m'manda pa kagalasi ka foni. Mapazi aja sindinawamvenso, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkawasowa.

Nditakula ndinafunsa amayi chifukwa chimene anandibisira. Anandiuza kuti mayi awo anamwalira iwo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo akuluakulu anawauza kuti apita kuchipatala chakutali. "Ndinakhala miyezi iwiri ndili ndi mayi, anzanga onse akudziwa kuti ndilibe," anatero. "Ndinkafuna ndikupatseko miyezi yoteroyo." Kwa iwo mwana anali mbewu yanthete yofunika kuiphimba. Kwa mlangizi uja mwana anali munthu wamng'ono amene choonadi ndi chake. Lero ndimaona kuti onse awiri anandipatsa chimene anaphunzitsidwa kuti ndicho chikondi, ndipo sindingaloze amene analakwa. Koma panthawiyo sindinkadziwa kuti pali mayiko awiri amene akulimbirana tanthauzo la ubwana wanga. Ndinkangodziwa kuti m'nyumba mwathu muli munthu wosalimba amene sayenera kumva nkhani ya imfa, ndipo ndinkakhulupirira kuti munthuyo ndi amayi.