Mutu ndi wa Mayi Asiyatu

Lachiwiri ndinali pakhonde la telala wina pa boma la Rumphi, kudikira siketi yanga, pomwe panabuka mlandu wa nsalu ya kumutu.

Amayi a gulu lina lolimbikitsa ufulu wa akazi akukonzekera kuguba mumsewu, ndipo anabwera kudzayezetsa yunifolomu. Pakati pawo panali Mayi Asiyatu, mphunzitsi wachisilamu yemwe boma linamutumiza kuno kuchokera ku Machinga. Iwo anapempha telala kuti awasiyireko kansalu kosokera hijabu.

Wapampando wa gululo, NyaGondwe, anakana.

"Mama, tikugubira ufulu. Inu mukadziphimba kumutu, anthu adzati chiyani?"

"Adzati mutu ndi wanga," anayankha Mayi Asiyatu. "Nanga icho chili pamutu panupo n'chiyani, Mama?"

NyaGondwe anadzigwira kumutu. Linali duku loyera, poti anachokera kumsonkhano wa amayi a kumpingo. Tonse tinafa nalo phwete.

"Ili ndi la Mulungu!"

"Yanganso si ya Satana ayi."

Atatero, Mayi Asiyatu ananenetsa kuti popanda hijabu saguba.

Zomwe NyaGondwe sankadziwa n'zakuti mphunzitsiyu anali atapambana kale nkhondo ina. Alamu awo anaimba foni kuchokera kumudzi, ati mkazi wachisilamu saguba mumsewu. Mayi Asiyatu anawapempha kuti atchule pomwe zinalembedwa. Nthawi yomweyo netiweki ya alamuwo akuti inayamba kuvuta.

Mwaona? Kumudzi akuti vala nsalu, ukhale pakhomo. Kugulu akuti vula nsalu, ubwere kumsewu. Onsewo akumufunira zabwino, koma palibe wamufunsa mwiniwake.

Ife kuno, okulira mumthunzi wa mishoni ya Khondowe, timafulumira kumvera chisoni mayi aliyense wovala hijabu. Koma kodi mukudziwa kuti m'Chisilamu mahari, mphatso yomwe mwamuna amapereka pa ukwati, ndi ya mkaziyo mwiniwake? Nanga ng'ombe za malowolo kwathu kuno zimalowa m'khola la ndani?

Sindikunena kuti kumzikiti zonse zili bwino. Alipo amuna omwe amabisala kuseri kwa chipembedzo poletsa mtsikana kupitiriza sukulu. Kutchalitchi aliponso, ndipo ena amaimba bwino kwambiri mukwaya. Nyani amaseka mnzake chikang'a, chake sachiona.

Mlandu wa pakhonde unatha mwachangu. NyaGondwe anayang'ana nsalu ili pamakina.

"Adada, asiyireni kansaluko," anauza telala. "Koma inenso mundisokere duku la nsalu yomweyo, tisaoneke ngati matimu awiri."

"Yewo chomene, Mama," anathokoza Mayi Asiyatu, m'Chitumbuka chawo chomveka Chiyao.

Telala yekha ndi amene anadandaula, poti amayi ena onse anafunanso maduku, ndipo siketi yanga sinasokedwe tsiku limenelo.

Ndinabwerera chimanjamanja, koma ndi funso ili: ngati ufulu wa mayi suyambira pamutu pake pomwe, ndiye tikugubira ufulu wa ndani?