Botolo la m'galaja la a Lyson

A Lyson Chimtengo, amene kuno ku Beech Grove timawatcha bambo a Pamela, sanamezepo mowa chibadwire, koma mphuno yawo ndi chidakwa chotheratu. Anakulira ku Ntcheu pambali pa mbiya ya amayi awo otcheza kachasu, ndipo ntchito yawo inali yothira madzi ozizira pa mpope. Sukulu yeniyeni ya munthuyu inali imeneyo. Zinazi ankangopita kukakhalitsa benchi.

Atafika ku Indiana anayamba ngati aliyense, kusambitsa nkhalamba za azungu. Msana utayamba kudandaula anapeza ntchito yokunkhuniza migolo pa kafakitale kena ka wisiki cha ku Speedway, ndipo pang'onopang'ono anawasendeza mpaka pa mbiya yamkuwa yotchezera. Akamafotokoza za ntchitoyo nkhope imawala. Akuti wisiki wotchedwa bourbon ndi wa chimanga chopitirira theka, amagona zaka mu mgolo watsopano wowaulidwa mkati, n'kutuluka akununkhira shuga wopserera pansi pa poto. Rye, wa kambewu konga tirigu, amaluma pakhosi ngati kambuzi wamanyazi. Iwo amalawa n'kulavula, pakuti anali mkulu wa mpingo.

Kutchalitchi ankati amagwira ku fakitale ya chimanga. Bodza lili pati? Chimanga chimalowadi.

Chinthu chimodzi chinkawasowetsa mtendere. Kwathu madontho oyamba a kachasu, amene timati mutu, ndiwo a ulemu, osungira amalume ndi alamu. Kuno amataya. Bwana wawo anawachenjeza tsiku loyamba kuti mmenemo muli poizoni wotha kuzimitsa maso. A Lyson anamva, koma kuona mutu ukutayidwa mtima unkawawa, ndiye ankatapako m'botolo la madzi kukapukutira girisi m'galaja mwawo.

Lamlungu lina mu 2016 mpingo wa Amalawi wa ku South Bend unabwera kudzapemphera nafe. Nawo anabwera a Gray, malume awo a Lyson, mlongo wa malemu amayi awo, amene anali atangofika kuchokera kumudzi kudzaona zidzukulu. Atatha kudya kwa a Lyson, malume analowa m'galaja kuti akasute fodya. Minibasi ya alendowo itanyamuka, a Lyson anapita kukatseka chitseko, maso n'kugwera pa shelefu. Panali bwalo la fumbi basi.

"Amake Pamela! Botolo lija lili kuti?"

A Vainess, akazi awo, anatulukira ndi mbale m'manja. "La madzi? Malume aika m'jekete. Ndimati ndi ludzu la panjira."

A Lyson anawauza kuti ndi mutu uja, n'kutulutsa foni. Malume foni ya kuno analibe. Anaimbira dalaivala, foni inangolira. Anaimbiranso, yomweyo. Nambala yotsala inali ya amayi Chrissie, apampando a amayi a mpingo wa alendowo, amene nkhani ikalowa m'khutu mwawo imafika ku Lilongwe ndege isananyamuke. Komanso khutu lina silimva bwino, ndiye foni iliyonse amayankhira pa sipika.

"Akoleni," anatero a Vainess.

"Minibasi yonse imva."

"Ndiye imve malume akupapasa khoma? Akoleni, bambo!"

Anaimba foniyo. Kumeneko nyimbo inali pakati, manja akuwombedwa.

"Aaa, a mkulu wa mpingo! Mwatisowa kale?"

"Amayi, chotsani pa sipika."

"Mukuti chiyani? Tatontholani inu, a mkulu akulankhula!"

Nyimbo inazima.

"Malume a Gray ali ndi botolo. Alandeni. Asamwe."

Mawu a malume anachokera kumpando wakumbuyo, odekha ngati a munthu wosalakwa. "Botolo lanji, mphwanga? Ndi timadzi iti."

"Malume, amenewo ndi mankhwala opukutira girisi."

Nkhalamba inaseka mpaka kutsokomola. "Girisi! Ine ndinamwa mutu wa mlongo wanga iwe uli kumsana. Mphuno iyi sinama. Wakula, wayamba kumana malume ako gawo lawo?"

"Si wa kumudzi umenewo!"

"Nanga ukudziwa bwanji, iwe wosamwa? Anakunamiza amene anakugulitsa."

Pa foni panamveka kachivindikiro kakupotokola. Kaphokoso kakang'ono, koma a Lyson anakamva ngati bingu. Anayang'ana akazi awo. A Vainess anali atagwira mbale pachifuwa, osaphethira.

"Sindinagule!" anakuwa a Lyson. "Ndinatcheza ndine! Ndiyo ntchito yanga, ndimatcheza mowa ku Speedway, chaka chachinayi chino. Umenewo ndinautapa ndi dzanja langa, ndi uja timataya. Mukameza mufika ku South Bend osaona zidzukulu zanu. Malume, ndikulumbira pa manda a amayi."

Kunkangomveka matayala pamsewu.

Kenako kunamveka chipwirikiti, chikwama kugwa, wina kukuwa kuti mwandiponda, ndi malume akuti, "Ndisiyeni, ndimangonunkhiza!"

"Amayi Chrissie? Amayi! Amwa?"

Anayankha akupuma mwawefuwefu. "Lili m'manja mwanga. Lodzaza. Milomo yawo ndi youma, ndayang'ana." Anapumira kaye. "Fakitale ya chimanga, eti, bambo a Pamela?"

A Lyson anakhala pansi pa simenti ya m'galaja, foni ili pabondo.

Nkhani inafika ku Ntcheu minibasi isanadutse Kokomo, tauni ya panjira. Lamlungu lotsatira anawatsitsa pa ukulu wa mpingo, ndipo mpaka lero amakhala benchi yakumbuyo, pafupi ndi ife ochimwa akale. Ntchito sanasiye. Girisi tsopano amapukuta ndi sopo.

Malume anabwerera kumudzi ndi maso onse awiri, ndipo amawagwiritsa ntchito bwino: aliyense amene amuona amamuuza kuti mphwawo wa ku Amereka ndi womana. Koma chimene chimandiseketsa ndi cha pamalo oimika magalimoto tikaweruka kutchalitchi. Akuluakulu omwe aja anakweza manja kuti a Lyson atsike, amawatsatira mmodzimmodzi, kuyang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona kuti pakati pa bourbon ndi rye wofewa pakhosi ndi uti. Akuti akufunsira mnzawo wa kuntchito.